Vakabu wa ku America: malangizo kwa makolo ofika kumene ndi ana achinyamata

Inu amene mwangofika kumene ku America ndi ana a zaka zapakati pa 12 ndi 17, pali lamulo lina limene sakuuzani pa bwalo la ndege, ndipo kusukulu nakonso kawirikawiri salitchula polembetsa mwana. Eni dziko amalitcha curfew. Mizinda yambiri inaika ola limene mwana sayeneranso kupezeka pamsewu, m'paki, pa siteji ya basi kapena pakhomo pa sitolo popanda munthu wamkulu. Amene munakulira m'matauni a kumudzi mukukumbukira vakabu, pamene apolisi ankasesa aliyense woyenda usiku, mpaka mu January 2017 pamene Khoti Lalikulu linagamula pa mlandu wa Mayeso Gwanda, venda amene anagwidwa m'bandakucha akupita kukagulitsa majumbo ku Limbe, kuti ndime ya lamulo ija inkaphwanya ufulu wa anthu. Curfew ndi mbale wake wa vakabu, kungoti iye amasaka ana okha, maola ake ndi olembedwa, ndipo chindapusa nthawi zambiri chimagwera kholo.

Mlandu wa curfew pawokha ndi wochepa. Chimene chimatidetsa nkhawa ndi chakuti lamuloli limapatsa wapolisi chifukwa choimitsira mwana wanu usiku, ndipo mwana wanuyo ndi wakuda, m'dziko limene kukumana kwa wapolisi ndi mnyamata wakuda kuli ndi mbiri yake yowawa. Mwana wobadwira kuno amaphunzitsidwa zimenezi adakali wamng'ono. Wanu, amene wachokera ku Ndirande kapena ku Area 25 miyezi itatu yapitayo, sanauzidwepo ndi aliyense.

Tiyambe ndi maola. Palibe lamulo limodzi la dziko lonse. Chigawo chilichonse, mzinda uliwonse, ngakhale county (dera longa boma la kwathu), angathe kukhala ndi lawolawo. Ku Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri cha ku South Bend, lamulo ndi la chigawo chonse. Mwana wosakwana zaka 15 asapezeke kunja kuyambira 11 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa tsiku lililonse. Wa zaka 15 mpaka 17 malire ake ndi 11 koloko kuyambira Lamlungu mpaka Lachinayi, pomwe usiku wa Lachisanu ndi Loweruka amaloledwa mpaka 1 koloko. Mizinda ya m'chigawomo ili ndi mphamvu yobweza maolawo kuti ayambe msanga. Mukawoloka malire n'kulowa mu Chicago, ulendo wa maola awiri osakwana, zinthu zasintha: wa zaka 12 mpaka 17 akhale atalowa m'nyumba pofika 10 koloko tsiku lililonse, wosakwana zaka 12 pofika 8:30, kapena 9 koloko Lachisanu ndi Loweruka. Ku Washington DC lamulo la 1995 linaika 11 koloko mkati mwa sabata ndi 12 koloko kumapeto kwa sabata, kholo n'kumalipitsidwa mpaka madola 500. Mu 2025 akuluakulu a mzindawo anawonjezera mphamvu yoti mkulu wa apolisi azitha kulengeza madera ena, monga Navy Yard, kuti magulu a achinyamata asasonkhanemo ikangokwana 8 koloko madzulo. Ku Prince George's County, ku Maryland, atayamba kukhwimitsa lamulo lawo mu September 2022, kholo linkayamba lachenjezedwa, kenako madola 50, kenako 100, kenako 250. Ku Texas ndiye kulibe: kuyambira pa 1 September 2023 mizinda ya kumeneko inaletsedwa kukhala ndi curfew ya ana.

Maolawa amasinthasintha, makamaka nyengo yotentha, sukulu zikatsekera mu June, kapena kukachitika kuwomberana kwinakwake pakati pa mzinda. Choncho musadalire zimene anakuuzani mlamu wanu amene anakhalako zaka zisanu zapitazo. Lembani pa intaneti dzina la mzinda wanu pamodzi ndi mawu akuti juvenile curfew ordinance, muwerenge pa tsamba la khonsolo lenilenilo. Mukapanda kumvetsa, imbani 311, nambala yofunsira nkhani za mzinda, ngati mzinda wanu uli nayo, kapena nambala ya apolisi yosakhala ya ngozi. Musaimbe 911, nambala ya ngozi, pofunsa zimenezi. Fufuzani mzinda umene mukukhala, komanso mzinda umene mwana amakonda kupita, chifukwa lamulo limatsata pamene mwana waima, silitsata pamene amagona. M'madera ngati a Washington basi imodzi imatha kudutsa malire a malamulo awiri pa mphindi makumi awiri.

Palinso malire ena awiri amene makolo amawasokoneza ndi curfew. Oyamba ndi a laisensi ya galimoto. Ku Illinois, wosakwana zaka 18 sayendetsa galimoto kuyambira 10 koloko usiku mkati mwa sabata ndi 11 koloko Lachisanu ndi Loweruka, ndipo ku Indiana masiku 180 oyamba atatenga laisensi sayendetsa pakati pa 10 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa. Achiwiri ndi a malo ogulitsira malonda. Mall of America ku Minnesota inayamba mu 1996 kuletsa ana kulowa okha nthawi zina, ndipo misika ikuluikulu yambiri yatengera zomwezo. Kumeneko woimitsa mwana ndi mlonda wa kampani, koma mwana akakana kutuluka, mlondayo amaitana apolisi ndipo mlandu umasanduka wokhala pamalo a eni atakuthamangitsa, umene ndi wokulirapo kuposa wa curfew.

Pafupifupi malamulo onsewa ali ndi zifukwa zimene mwana amaloledwa kukhala kunja. Ali ndi kholo kapena womulera. Akupita kapena akuchokera kuntchito. Akuchokera ku zochitika za kusukulu kapena za kutchalitchi zoyang'aniridwa ndi akuluakulu. Pagwa ngozi. M'mizinda ina, ngakhale atangoima pakhomo pa nyumba yakwawo. Koma wapolisi pamsewu sadziwa zimenezi pongomuyang'ana, ndiye mwana ayende ndi umboni. Ngati amagwira ntchito pa malo odyera n'kumaweruka 10:30, bwana wake alembe kalata yaifupi yokhala ndi dzina la kampani, maola a shifiti ndi nambala ya foni. Kalatayo ikhale m'thumba la malaya, ina ijambulidwe m'foni. Ngati ndi kwaya kapena mapemphero a usiku wonse, abusa kapena mtsogoleri wa achinyamata alembe chimodzimodzi. Ndipo muuzeni kuti chilolezo chimenechi chimagwira panjira yolunjika kunyumba basi. Akapatukira kwa mnzake kapena kukagula chipisi pa filingi siteshoni, chatha mphamvu. Dziwaninso kuti mkulu wake wa zaka 18 kapena 19 si paliponse pamene amawerengedwa ngati munthu wamkulu woperekeza; mizinda ina imafuna wa zaka 21. Za ntchito tiwonjezere kuti lamulo la dziko lonse limaletsa wa zaka 14 ndi 15 kugwira ntchito kupitirira 7 koloko madzulo, kupatula kuyambira pa 1 June mpaka kumayambiriro kwa September pamene amaloledwa mpaka 9 koloko.

Vuto lenileni la mabanja athu lili pa shifiti. Ambiri ofika kumene ntchito yoyamba imakhala yosamalira okalamba, ndipo shifiti imene imapezeka msanga ndi ya 11 koloko usiku mpaka 7 koloko m'mawa. Ena amachita dabulo kuti lendi ikwane ndi kutumizako kangachepe kumudzi. Foni imakhala mu lokala chifukwa malamulo a pantchito salola kuyenda nayo m'zipinda za odwala. Tsono wapolisi akatola mwana, choyamba amafuna kholo. M'mizinda ina amamuperekeza kunyumba, mwina amamutengera ku polisi kapena ku malo osungirako ana usikuwo. Akaimba kawiri katatu osayankhidwa, kukacha mwanayo angathe kuperekedwa m'manja mwa ofesi yoteteza ana, imene m'madera ambiri amaitcha CPS. Apo nkhani yakula, chifukwa funso lasintha. Sakufunsanso za ola limene mwana anapezeka pamsewu, akufunsa ngati pakhomo panu pali womuyang'anira.

Konzani izi sabata yomwe mwayamba shifiti ya usiku. Mwana aloweze pamtima manambala atatu: yanu, ya pa desiki ya kuntchito kwanu, ndi ya munthu wina wamkulu amene ali ndi galimoto, amene amagona ndi foni yoyatsa, ndipo wavomera kudzuka 2 koloko usiku. Tikuti pamtima chifukwa foni ya mwana imatha batire, imasweka, mwina kulandidwa. Munthu wachitatuyo mumulembere kalata yosainira yonena kuti mwamupatsa mphamvu yotenga mwana wanu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kuno mwambi umenewu umafunika kuulemba papepala kuti ugwire ntchito. Ngati mapepala anu okhalira m'dziko muno ali ndi vuto, sankhani munthu amene ake ali bwino, ndipo mukambirane ndi loya wa za olowa m'dziko zisanachitike, kuti mudziwe ngati n'kwanzeru kuti inuyo mukaonekere ku polisi.

Mukapita kukamutenga, mtima ukhale m'malo. Tikudziwa mkwiyo wa kholo limene lasiya shifiti, lataya malipiro a usiku, lachititsidwa manyazi. Koma khofi limodzi pamaso pa wapolisi lingakutengereni mlandu woposa umene mwabwerera. Apolisi, aphunzitsi, anamwino ndi madokotala onse amakakamizidwa ndi lamulo kukanena akaona kapena akaganizira kuti mwana akuzunzidwa, ndipo chipsera cha lamba pamsana chikaonedwa ndi namwino wa kusukulu m'mawa mwake, anthu a CPS afika pakhomo panu. Tengani chitupa chanu, sainirani zotulutsira mwana mutaziwerenga, landirani pepala lililonse limene akupatsani, zolangiza mukachitire kunyumba, ndi pakamwa.

Tsopano mungafunse kuti malamulowa amathandizadi kodi. Anafalikira kwambiri zaka za m'ma 1990 pamene umbanda unali pamwamba, ndipo Pulezidenti Bill Clinton anawalimbikitsa poyera mu 1996. Makhoti anagawanika: lamulo la Dallas linavomerezedwa mu 1993, la San Diego linakanidwa mu 1997, la Washington linavomerezedwa mu 1999. Ofufuza a bungwe la Campbell Collaboration atasonkhanitsa kafukufuku amene analipo mu 2016, anapeza kuti curfew sachepetsa umbanda wa ana, komanso sachepetsa chiwerengero cha ana ochitiridwa zaupandu. Akatswiri awiri a zachuma, Jillian Carr ndi Jennifer Doleac, poona ziwerengero za kulira kwa mfuti ku Washington, anapeza kuti kuwomberana kunkawonjezeka pa ola limene curfew ankagwira ntchito, ndipo anaganiza kuti mwina n'chifukwa chakuti misewu ikakhala mbee, mboni zimasowa. Alipo wina, Patrick Kline, amene anapeza kuti kumangidwa kwa ana kunatsikako m'mizinda imene inaika malamulowa. Koma chimene ziwerengero za boma zakhala zikuonetsa kwa zaka zambiri n'chakuti masiku a sukulu ziwawa za achinyamata zimachuluka kwambiri akangoweruka, cha m'ma 3 koloko masana kufikira madzulo, nthawi imene curfew sanayambe n'komwe ndipo makolo ambiri ali kuntchito kapena ali mtulo pokonzekera shifiti.

Nanga bwanji akuluakulu amathamangirabe ku lamuloli? Chifukwa mwana akafa pagulu anthu amafuna kuona kuti china chake chachitika, ndipo curfew ndi wotsika mtengo. Ku Chicago zinayenda chomwecho. Mu May 2022 mnyamata wa zaka 16, Seandell Holliday, anawomberedwa n'kufa ku Millennium Park, pakati penipeni pa mzinda. Meya Lori Lightfoot analetsa ana kulowa okha m'pakimo madzulo a kumapeto kwa sabata, ndipo curfew anamubweza kuchoka pa 11 kufika pa 10 koloko. Mu June 2025 makhansala anavomereza, 27 kwa 22, kuti mkulu wa apolisi azitha kulengeza curfew paliponse atangochenjeza kwa mphindi 30. Meya wotsatira, Brandon Johnson, anakana kusainira, ponena kuti mphamvu yotere idzathera pa ana akuda ndi a Chilatino, a mabanja ochokera ku mayiko a Latin America monga Mexico. Onani kuti Lightfoot ndi Johnson onse ndi akuda. Angela Alsobrooks amene anakhwimitsa lamulo ku Prince George's nayenso ndi wakuda, chimodzimodzi Muriel Bowser, meya wa Washington pa nthawi ya lamulo la 2025 lija. Mkangano umenewu uli mkati mwa anthu akuda enieniwo. Gogo amene mdzukulu wake anaphedwa ndi mfuti pakona pa msewu amafuna apolisi ambiri ndi ana onse m'nyumba. Mayi amene mwana wake waimitsidwa kasanu popanda mlandu amaona kuti lamuloli ndi khomo longolowera pozunza. Onse awiri akunena zimene anaziona ndi maso.

Ife maganizo athu ndi akuti otsutsa ali ndi mfundo yolimba. Lamulo lolembedwa limati mwana aliyense, koma galimoto za apolisi zimazungulira m'madera ena kuposa ena, ndipo woti aimitsidwe amasankhidwa ndi diso la munthu. Mzinda wa Austin unathetsa curfew wake mu 2017 makamaka chifukwa cha madandaulo akuti ankagwera kwambiri ana akuda ndi a Chilatino. Ku New York, mu 2011 mokha, apolisi anaimitsa anthu pamsewu maulendo oposa 685,000, ambiri akuda ndi a Chilatino, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse sanapezeke ndi mlandu, mpaka khoti linagamula mu 2013 kuti kachitidwe kameneko kankaphwanya malamulo. Kumbuyo kwa zonsezi kuli mbiri ya matauni amene kale munthu wakuda sankaloledwa kupezekamo dzuwa likalowa. Koma kutsutsa lamulo kuli ndi malo ake, ku msonkhano wa khonsolo kumene aliyense, ngakhale wosakhala nzika, angathe kupempha mphindi zolankhula. Pamsewu 11 koloko usiku si pochitira mtsutso, ndipo mwana wanu amve zimenezi kuchokera kwa inu.

Pali bodza limene ofika kumene timakonda kudzitonthoza nalo, lakuti zimenezi zimachitikira akuda a konkuno chifukwa cha khalidwe lawo, wathu ndi waulemu, amapita kutchalitchi, amakhoza m'kalasi. Wapolisi kapena mwininyumba amene akuona mnyamata wamtali wovala juzi ya chipewa mumdima saona lipoti la kusukulu. Amadou Diallo anali wochokera ku Guinea. Mu February 1999 apolisi anayi a ku New York anamuwombera zipolopolo 41 pakhomo pa nyumba imene ankakhala, iye akutulutsa kachikwama ka m'thumba. Patrick Lyoya anali wothawa nkhondo wa ku Congo. Mu April 2022 ku Grand Rapids, Michigan, ataimitsidwa anatuluka m'galimoto, anayesa kuthawa, analimbana ndi wapolisi, n'kuwomberedwa kunkhongo. Ralph Yarl, wa zaka 16, mwana wa makolo ochokera ku Liberia, anatumidwa mu April 2023 kukatenga ang'ono ake ku Kansas City. Anasokoneza dzina la msewu, naliza belu pa nyumba ina cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo mwininyumba wa zaka 84 anamuwombera m'mutu. Anapulumuka. Nkhani yake ikuphunzitseni kanthu kakang'ono: mukatuma mwana usiku ku nyumba imene sanapiteko, aimbe foni ali m'galimoto kapena pamsewu, eni ake atuluke.

Mabanja akuda a kuno ali ndi mwambo wokhazika mwana pansi n'kumuuza zochita akakumana ndi apolisi. Amangoti the talk. Inunso chitani, ndipo muyambe ndi kumasula zina zimene munamuphunzitsa nokha, chifukwa ulemu wa kwathu umawerengedwa mwina kuno. Kwathu mwana wamwambo amayang'ana pansi wamkulu akamalankhula. Wapolisi wa kuno amaona ngati akubisa kanthu. Kwathu amaika manja kumbuyo, kapena amayandikira n'kuwerama. Kuno manja osaoneka ndiwo amachititsa wapolisi kugwira mfuti, ndipo kumuyandikira kumaoneka ngati kufuna kumuukira. Kwathu dalaivala akaimitsidwa pa rodibuloko amatsika n'kupita kwa bwana ndi mapepala m'manja. Kuno osatsika, pokhapokha wauzidwa. Ndipo za fanta aiwaliretu. Kutchula ndalama kwa wapolisi, ngakhale mongoseka, kungatengedwe ngati mlandu waukulu wa ziphuphu.

Zochita zake ndi izi. Akamva kuitana, aime pomwepo. Asathawe, ngakhale akudziwa kuti ola lapitirira, ngakhale anzake onse abalalika. Kuthawa ndiko kumasandutsa chenjezo kukhala unyolo, ndipo m'kuthamangitsana mumdima ndi mmene ana ambiri avulalira. Achotse zomvera nyimbo m'makutu, manja akhale poyera, zala zotambasula. Asalowetse dzanja m'thumba kutenga kalata ija kapena foni asananene. Ayambe wanena kuti kalata ya kuntchito ili m'thumba la kumanzere, afunse ngati angaitenge, adikire yankho, kenako aitenge pang'onopang'ono. Anene dzina lake lenileni ndi zaka zake zenizeni. Kunama dzina kapena kuwonjezera zaka ndi mlandu wina pawokha, ndipo ku Indiana munthu woimitsidwa chifukwa chophwanya lamulo la mzinda amakakamizidwa kupereka dzina, adiresi ndi tsiku lobadwa. Ngati Chingelezi chake sichinakhazikike, anene msanga kuti wafika kumene ndipo akupempha kuti alankhule naye pang'onopang'ono, kuti kuchedwa kuyankha kusaoneke ngati mwano.

Kupitirira apo, pali ziganizo zitatu zimene ayenera kuziloweza m'Chingelezi momwemo, ndipo muziyeseze naye pa tebulo lodyera mpaka zizituluka popanda chibwibwi. Choyamba: "Am I free to go?" (Kodi ndingathe kupita?) Akayankhidwa kuti inde, achoke moyenda, osathamanga. Chachiwiri: "I do not consent to a search." (Sindikuvomera kuti mundisechi.) Wapolisi amaloledwa kupapasa kunja kwa zovala ngati akuganizira kuti pali chida, ndipo mwana asalimbane naye, koma mawuwo anenedwe momveka, chifukwa amadzathandiza loya pambuyo pake. Foni asaitsegule, Khoti Lalikulu la dziko lino linagamula mu 2014 kuti kufufuza m'foni ya munthu womangidwa kumafuna chikalata cha woweruza. Chachitatu: "I want a lawyer and I want my parent." (Ndikufuna loya, ndikufunanso kholo langa.) Akanena zimenezi atseke pakamwa. Ana athu analeredwa kuti wamkulu akafunsa uyankhe, ndipo n'chifukwa chake amavomera zinthu zimene sanachite pongofuna kuti apite kunyumba. M'zigawo zambiri wapolisi amaloledwa kunama pofunsa mafunso, kunena kuti mnzako wakuulula kale pamene sanatero. Illinois inali yoyamba kuletsa zimenezi kwa ana mu 2021, ndipo Maryland ndi California zimafuna kuti mwana aonane kaye ndi loya asanafunsidwe, koma musayembekeze kuti kulikonse n'chimodzimodzi. Asasainire chikalata chofotokoza zimene zachitika inu kapena loya palibe.

M'galimoto, apatukire kumanja pamalo owala, azimitse injini, atsitse galasi, ayatse nyali ya mkati, manja onse pa chiwongolero, okwera nawo manja pa maondo. Laisensi ndi pepala la inshulansi zikhale pamalo amodzi osavuta kufikira. Zonsezi ndi za atsikana omwe. Makolo ambiri amakhazika pansi anyamata okha.

Zinthu ziwiri zichotseni pakhomo panu. Choyamba ndi mfuti zoseweretsa zooneka ngati zenizeni, kuphatikiza zoponya timipira ta pulasitiki zimene ana amagula pa intaneti. Tamir Rice anali ndi zaka 12 pamene anawomberedwa ndi wapolisi m'paki ku Cleveland mu November 2014 ali ndi mfuti yotere. Chachiwiri ndi chamba. Mudzaona masitolo ochigulitsa poyera ku Illinois ndi ku Michigan, mwana n'kuganiza kuti n'chololedwa. N'chololedwa kwa a zaka 21 kupita m'mwamba, ndipo pa lamulo la dziko lonse, limene ndilo limayendetsa nkhani za ma visa ndi green card (chitupa chokhalira m'dziko mokhazikika), chikadali choletsedwa. Mnzake wa m'kalasi amene ndi nzika akapezeka nacho angathe kungochenjezedwa n'kupita kwawo. Wanu, kungovomera kuti amasuta kungadzamutsekere njira ya mapepala.

Pa nkhani ya mapepala yomweyi, chigamulo cha khoti la ana nthawi zambiri sichiwerengedwa ngati kupezeka wolakwa pa malamulo a olowa m'dziko, koma mafomu amafunsa ngati munthu anamangidwapo kapena kusungidwapo ndi apolisi, ndipo yankho liyenera kukhala loona. Ku Texas, Georgia ndi Wisconsin wa zaka 17 amaweruzidwa ngati wamkulu. Ndipo mwana asanene nthawi ina iliyonse, kwa wapolisi kapena pa fomu, kuti ndi nzika ya America pamene si nzika. Bodza limeneli lingatseke khomo mpaka kalekale. Akafunsidwa kumene anabadwira, ali ndi ufulu wokhala chete. Akakwanitsa zaka 18, lamulo limafuna kuti aziyenda ndi chitupa chake chokhalira m'dziko. Loya aliyense amene mwapatsidwa, ngakhale waulere wa boma, muuzeni pa mawu oyamba kuti mwanayu si nzika. Kuyambira 2010 maloya amakakamizidwa kuchenjeza ngati kuvomera mlandu kungachititse kuti munthu athamangitsidwe m'dziko.

Muzidziwanso zimene zili m'foni mwake. Misonkhano ikuluikulu ya achinyamata imene imadzetsa ma curfew adzidzidzi imalengezedwa pa Instagram, Snapchat ndi TikTok: tikumane pamalo akuti Loweruka madzulo. Ana mazanamazana amapita kukangoona anzawo, ochepa amapita ndi mfuti, ndipo wofika kumene amene akufunitsitsa kupeza anzake ndiye sadziwa nthawi yochokapo. Kujambulitsa ndi anthu osawadziwa bwino, manja akupanga zizindikiro zimene sakudziwa tanthauzo lake, kwalowetsa ana ena m'kaundula wa apolisi wa magulu a zigawenga. Wa ku Chicago, ataunikidwa mu 2019, anapezeka ndi mayina oposa 134,000, pafupifupi onse a anthu akuda ndi a Chilatino. Kumutsekera m'nyumba sikokwanira. Mupezereni kokhala akaweruka kusukulu: timu ya mpira ya pasukulu, laibulale ya mzinda imene ndi yaulere, mabungwe a achinyamata monga Boys & Girls Club ndi YMCA imene imatsitsa mtengo kwa mabanja opeza zochepa mukapempha. Ndipo dziwanani ndi makolo akuda a konkuno, kutchalitchi kapena kusukulu. Iwo amadziwa kona yoipa, basi yoyenera kupewa, ndi loya amene amayankha foni usiku. Safunsa anadya phula.

Mwana akachitiridwa nkhanza kapena kunyozedwa ndi wapolisi, asabwezere pamalopo. Akafika kunyumba, usiku womwewo, lembani limodzi ola, msewu, nambala ya galimoto ya polisi, dzina kapena nambala ya pa baji, mawu amene ananenedwa ndi mayina a amene anaona. Jambulani mabala, mupite naye kuchipatala kuti pakhale cholembedwa. Mizinda ikuluikulu ili ndi maofesi olandira madandaulo amene si a polisi, monga COPA ku Chicago ndi Office of Police Complaints ku Washington, ndipo bungwe lomenyera ufulu wa anthu la ACLU lili ndi nthambi m'chigawo chilichonse. Fulumirani, chifukwa madandaulo ali ndi malire a masiku, ndipo kanema wa kamera imene wapolisi amavala pachifuwa sasungidwa mpaka kalekale. Pemphani mwa kalata kuti asafufutidwe.

Kapepala kamene mwapatsidwa potenga mwana musakaike m'Baibulo n'kukaiwala. Kawerengeni mawa lake kukawala, muone ngati pali tsiku la kukhoti kapena tsiku lomaliza kulipira. Kujomba tsiku limenelo kumakulitsa chindapusa, ndipo pa milandu ina kumabweretsa chikalata chomangira munthu. Pemphani tchuthi kuntchito, mupite naye atavala bwino, mutatenga kalata ya kuntchito kapena ya kutchalitchi ngati anali ndi chifukwa chokhalira kunja. Womasulira mungathe kumupempha kwa kalaliki wa khoti, koma nenani masiku angapo tsikulo lisanafike, chifukwa wa Chichewa sapezeka msanga. Musanatuluke m'khotimo, funsani ngati pali pulogalamu imene mwana angachite kuti mlandu uthetsedwe osalembedwa, ndipo funsaninso kuti mbiriyo imafufutika yokha akakwanitsa zaka 18 kapena mpaka mutalemba fomu yopempha. M'zigawo zambiri siifufutika yokha.